Zimene Khoma Linamuuza Taonga

Basi yopita kuchipatala inali itachedwa, ndipo Taonga anali atapsa kale mtima. Anaima pa siteji ya Edmonton Green, yunifomu ya unesi ili mkati mwa chijasi, foni ili pakhutu, akulalatira mnzake Marjorie ngati kuti ndiye woyendetsa mabasi a mu London.

"Ndiye pali kamunthu kena pano kandiponda osapepesa," anatero mokweza, poganiza kuti palibe wakumva Chichewa. "Kavala jekete lobiriwira ngati chiwala cha m'dimba. Koma nkhope yokha, Mulungu anakakondera."

Mwini jekete uja anatembenuka.

"Pepani achemwali, chiwala chapepesa. Za nkhopezo, zikomo kwambiri."

Manyazi anamugwira Taonga mpaka kuphazi. Foni anaidula osatsanzika.

"Muzisamala," anatero mnyamatayo akuseka. "Chichewa mu London muno chili ndi eni ake. Simungadziwe amene akumva."

Dzina lake anali Biswick, wa ku Ntcheu. Anabwera kudzaphunzira, sukulu anamaliza, ndipo tsopano ankaperekera anthu zakudya panjinga. Pamene basi imafika n'kuti atatenga kale nambala.

Mauthenga anayamba tsiku lomwelo, ndipo sanaleke.

"Wadzuka bwanji duwa la ku Edmonton? Dzuwa lakana kutuluka lero, likuti ntchito yake walanda ndiwe."

"Dzuwa la kuno ndi laulesi kale," anayankha Taonga. "Pezani bodza lina."

Koma ankamwetulira yekha m'kanjira ka kuwodi. Miyezi itapitapo, "inu" uja anasanduka "iwe", ndipo "achemwali" anasanduka "wapamtima wanga".

Tsiku lina Biswick anamufunsa malo amene amawakonda kwambiri mumzindawo. 

"London amene ndimamudziwa ine ndi wodi, tchalitchi ndi shopu ya nsomba zouma," anatero Taonga. "Amayi akandifunsa kuti nyumba ya mfumu ndi yotani, ndimawatumizira zithunzi za pa intaneti."

Kodi chimenecho ndi chilungamo? Munthu kusambitsa, kutembenuza ndi kutonthoza odwala a mzinda, chisanu n'kubwera n'kupita, koma mtsinje wa mzindawo osauonapo ndi maso?

"Pempha tchuthi," anatero Biswick. "Misewu yonseyi ili m'miyendo mwangamu. Ndikuonetsa London mpaka unene wekha kuti basi. Ndipo pomaliza ndili ndi funso."

Taonga anakangana ndi oyang'anira wodi mpaka anamupatsa masiku angapo. Marjorie, amene ankakhala naye nyumba imodzi, anangomuyang'ana akusita diresi.

"Viza yake ikutha liti?"

"Kumapeto kwa chaka. Anandiuza yekha, sanabise."

"Ndiye iwe ndiwe nesi, pepala lako la viza limanyamula mwamuna. Chikomekome cha mkuyu, mwali."

"Ndinamufunsa maso ndi maso. Alibe mkazi, alibe mwana. Kodi aliyense amene viza ikumuthera ndi wakuba? Munthu asakondenso chifukwa cha pepala?"

"Ine ndangotsina khutu," anatero Marjorie. "Kolala wapsereza."

Tsiku loyamba anatulukira pa siteshoni ya Westminster, ndipo chinsanja cha wotchi chinali pamutu pawo penipeni. Taonga anagwira pakamwa. Belu litalira, analimvera m'chifuwa.

"Ndiye ndi zoona eti? Ndimayesa n'za pa TV."

Anayenda m'paki mpaka kunyumba ya mfumu. Asilikali a zipewa zazitali zaubweya anaima chilili, osaphethira.

"Ameneyu atafika kwathu ku Dedza, ana angathawe kuti kwatuluka gule," anatero Taonga.

"Ine ndikhoza kuima choncho pakhomo pako, bebi. Mvula, chisanu, osasuntha."

"Iwe? Ukanangomva fungo la tchipisi n'kusiya mfuti."

Mawa lake anakwera boti pa mtsinje wa Thames, nadutsa pansi pa mlatho wa nsanja ziwiri, mpaka ku Greenwich. Pamwamba pa kaphiri panali mzere umene amati umagawa dziko, kum'mawa uku, kumadzulo uku. Biswick anaponda mwendo wina mbali iyi, wina mbali inayo, n'kutambasula manja.

"Taona, ndili konsekonse."

"Sankha mbali imodzi, ung'amba buluku," anatero Taonga.

Anadya nsomba ndi tchipisi atakhala pa udzu. Taonga anatulutsa m'chikwama kabotolo ka tsabola wa kambuzi, ndipo Biswick anagwira pamtima.

"Mkazi woyenda ndi kambuzi mu London. Ndikakutaya iwe, ndiye kuti ndinalodzedwa."

Foni yake inkanjenjemera m'thumba pafupipafupi. Iye ankangoisuzumira n'kuibweza.

"Maoda," anatero. "Sakudziwa kuti ndili ndi mfumukazi."

Madzulo ake uthenga unafika: "Mawa uvale diresi lachikasu lija. Ndikupita nawe kumene makoma amalankhula."

Analawirira kuti apeze anthu asanachuluke. Tchalitchi cha St Paul's chinali chachikulu moti Taonga anayamba kuyenda monyang'ama ngati walowa m'chipinda cha wodwala. Anakwera masitepe ozungulirazungulira mpaka mawondo anayamba kudandaula. Kenako anatulukira pa khonde lozungulira mkati mwa chidenga chonga mphika wovundikira. Pansi, anthu ankaoneka ngati nyerere. Bambo wina woyang'anira malowo anawakumbutsa kuti mafoni akhale m'matumba.

"Tamvera," anatero Biswick. "Khoma ili ndi lozungulira. Munthu akanong'ona ataliyang'ana, mawu amayenda nalo mpaka tsidya linalo. Pita uko, ukakhale pabenchi, ukagunditse khutu kukhoma."

"Bodza lako lakula tsopano."

"Pita ukaone."

Taonga anazungulira mpaka anafika moyang'anana naye, chidzenje chonse cha tchalitchi chili pakati pawo. Biswick ankaoneka kakang'ono, jekete lobiriwira lija lokha ndilo linkamuzindikiritsa. Taonga anakhala pansi n'kutsamiritsa khutu pamwala wozizira.

Poyamba anamva manong'onong'o a zinenero zachilendo. Kenako, pakati pa zonsezo, Chichewa chinabwera choyera ngati munthu ali paphewa pake.

"Taonga. Nthiti yanga. Ukundimva?"

Thupi lonse linachita tsembwe. Anatembenuzira milomo kukhoma.

"Ndikukumva."

"Ndayenda misewu yonse ya mzinda uno, koma kwathu ndakupeza mwa iwe. Sindidzakunamiza, sindidzakuliza. Undilole nditumize ankhoswe kwa amalume ako ku Ilford. Ukhale mkazi wanga."

Ndani akanakana? M'nyumba ya Mulungu, khoma lenilenilo likuchitira umboni?

"Ndavomera," ananong'ona. "Ndavomera, Biswick."

Anamuona tsidya lija akuponya chibakera m'mwamba. Taonga anaimirira, namukwezera dzanja kuti akubwera. Koma atangoyenda pang'ono, misozi inayamba kutsika. Gulu la alendo ataliatali linamudutsa n'kuima patsogolo pake. Anakhalanso pabenchi kuseri kwawo kuti apukute misozi, asafike kwa mwamuna wake nkhope ili chonyowa. Mutu anautsamiritsa kukhoma.

Ndipo khoma linalankhulanso.

"Mayi a Junior, zatheka."

Taonga anaphethira. Anali mawu omwe aja, kunong'ona komwe kuja.

"Wavomera. Mwakhala mukuimba kuyambira dzana, ndimayankha bwanji ali pambali panga? Musalirenso. Tikangolembetsa, pepala lituluka. Nesiyu ndi mlatho chabe, mtima wanga uli kwa inu. Zikakhazikika ndidzakutengani, ndidzakuonetsani malo onsewa. Mumupsompsone Junior."

Anasuzumira pakati pa mapewa a alendo aja. Biswick anali atafulatira anthu, nkhope kukhoma, foni ataibisa m'jekete kuti woyang'anira asaione. Ankajambula uthenga wa mawu. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Munthu yemwe uja amene anamuphunzitsa kuti Chichewa mu London chili ndi eni ake!

Mtima wa Taonga unasweka, inde. Koma mkwiyo unafika msanga kuposa misozi. Anagunditsa milomo pamwala paja, nalankhula pang'onopang'ono, ngati akuwerengera dokotala zotsatira za magazi.

"Bambo a Junior. Muwauze mayiwo kuti mlatho wamva."

Tsidya lija jekete lobiriwira linadumpha ngati laponda moto. Chala chinachoka pafoni, uthenga n'kupita. Kaya mawu a Taonga analowa nawo, iye sanafune kudziwa.

Sanathamange. Anayenda bwinobwino mpaka pa khomo la masitepe, ndipo Biswick anamupeza pomwepo akupuma mwabefu.

"Bebi, dikira. Sizili mmene wamveramo."

"Ndamva molakwa? Khomali mwalitama nokha kuti silisochera."

"Taonga, iwe..."

"Inu. Muzinditchula kuti inu. Sitidziwana."

Woyang'anira uja anawayang'ana. Taonga anatsitsa mawu, koma sanawafewetse.

"Ndinakufunsani ngati muli ndi mkazi, bambo. Pa basi, pa foni, ngakhale pakhomo la tchalitchi chathu. Munati chiyani?"

"Ndimaopa kukutaya. Margaret, mayi a Junior, ndi wa kumudzi, ukwati wake ndi wa chinkhoswe chabe. Ulibe pepala."

"Chabe?" Taonga anaseka kuseka kowawa. "Ankhoswe anakhala pamphasa, mkazi anakuberekerani mwana, inu mukuti chabe? Ndiye ankhoswe omwewo mumafuna kuwatumiza kwa amalume anga? Kwa iye ine ndine mlatho chabe. Kwa ine iye ndi chinkhoswe chabe. Amene si chabe ndi ndani, inu nokha?"

"Sukudziwa mmene zimawawira pepala likamatha. Ndibwerere kumudzi chimanjamanja? Anthu akandiseka."

"Ndikudziwa. Ndaona anzanga akulira pochokera ku ofesi ya maviza ku Croydon. Mukanandiuza zoona, ndikanakufunsirani ntchito, ndikanakupezerani odziwa malamulo. Ndine munthu ine. Koma inu simunafune thandizo langa, munafuna kundikwera pamsana ndili m'tulo."

Biswick anagwetsa nkhope. Kenako anayesa njira yake yakale, mawu ofewa aja.

"Komatu ndinayamba kukukonda zenizeni, duwa langa. Masiku awa sanali bodza."

Apa ndiye panamupweteka Taonga, chifukwa mwina zinali zoona. Anakumbukira boti lija, kambuzi uja, kuseka kuja. 

"Mwina. Koma ku Greenwich ndinakuuzani kuti musankhe mbali imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a Junior, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa."

Foni inayamba kunjenjemera m'jekete muja.

"Yankhani," anatero Taonga. "Ndi maoda."

Panali masitepe otsika ndi ena okwera. Biswick anaima pa otsika, akuyembekeza kuti atsikira limodzi, akambirane panja. Taonga anatenga okwera.

Anali opapatiza, ena achitsulo, ndipo analira njira yonse. Analirira diresi lachikasu, analirira tchuthi chimene anachimenyera nkhondo, analiriranso mayi wina ku Ntcheu amene anauzidwa kuti apirire mwamuna wake akukwatira wina. Pofika pamwamba penipeni misozi inali itatha, ndipo mphepo inaumitsa yotsalayo.

London yense anali pansi pa mapazi ake. Mtsinje uja ukupindika, milatho, nsanja zagalasi, mabasi ofiira ngati mikanda. Anayang'ana kumpoto, kumene ankaganiza kuti ndi ku Edmonton. Kwinakwake kumeneko kunali wodi yake, ndi odwala amene ankamudziwa dzina. Mzinda uwu anaugwirira ntchito ndi manja ake. Panalibe amene anamunyamula pobwera.

Uthenga unalowa: "Wapamtima, ndili panja. Tiye tikambirane ngati akuluakulu."

Anayankha: "Akuluakulu akambirana kale. Moni kwa Junior." Nambalayo anaitseka.

Kenako anaimbira Marjorie.

"Usanene kuti unandiuza."

 "Sindinena. Uli kuti, mwali?"

"Pamwamba pa London. Mawa uli ofu? Tchuthi changa sichinathe, ndipo nyumba yosungira zakale sindinaione."

"Ndibwera. Nditenge chiyani?"

"Tishu. Ndi kambuzi, wanga watha."

Mayi wina wachikulire, mlendo ngati iye, anali pambali akulimbana ndi mpango wake. Taonga anamupatsa foni n'kumupempha kuti amujambule. Anakonza kolala yopserera ija, naimika mutu.

Pachithunzipo maso anali ofiira, koma mzinda wonse unali kumbuyo kwake. Anachitumiza ku Dedza.

"Amayi, ichi si cha pa intaneti. Ndakwera ndekha."