Odi pa Mayina Akale

Chodabwitsa chinaoneka Lolemba m'mawa, pachipatala, m'chipinda chapansi chopanda zenera, momwe mafiriji a mankhwala ankang'ung'udza osapuma. Mayi wa makompyuta anapeza kuti pa chitseko chimodzi pali munthu.

Si zitseko zamatabwa ayi. Pulogalamu yakale yoyendetsa mafirijiwo inkalowera pa tizitseko ta mkati mwa kompyuta, khumi ndi tisanu ndi kamodzi, ndipo inkatidziwa ndi mayina akale: ttyp0, ttyp1, mpaka ttypf. Kompyuta yakale itafa, yatsopano inabwera ndi mayina akeake, pts chakutichakuti. Pulogalamu ija, nkhalamba yamakani, inkangoti odi pa mayina akale, osayankhidwa. Mayiyo anamata mayina akalewo pa zitseko zatsopano, zinthu n'kuyenda. Anadzitama, kalanga ine!

Tsopano pa ttyp0 panali wina wopanda dzina. Kutacha analipo awiri. Usiku uliwonse kunkabwera mmodzi. Akazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, ankawapeza ali phee, aliyense pake.

"Zikadzaza zonse, chichitike n'chiyani?" ananong'ona mkulu wosunga mankhwala.

"Pulogalamu isowa polowera, bambo. Mafiriji azima, mankhwala a anthu onsewa awonongeka."

"Ndiye chotsani mayina akalewo, mayi."

"Pulogalamuyi siidziwa ena. Ndipo amene anailemba anatisiya kalekale."

Oyeretsa m'nyumbamo ankati madzulo amamva go! go! kumbuyo kwa mafiriji, mumdima momwe babu siifika. Wina ananena mosabisa kuti dzina lakale saliitana mwachisawawa, mwini wake amavomera. Mayiyo anaseka, koma mantha anamugwira mpaka m'mafupa.

Anayesa zonse, zinakanika. Patapita masabata awiri, chinatsala chitseko chimodzi, ttypf, chomwe iye mwini analowerapo pofunafuna vuto. Pulogalamu inali kugogoda, anthu odikira mankhwala ali pamzere panja. Misozi ili chuchuchu, anatuluka pa chitsekocho kuti ayisiyire malo. Anachotsa manja pa mabatani, n'kuimirira.

Pa galasi la kompyuta, mzere wotsiriza unadzilemba wokha pang'onopang'ono. Pa ttypf panalowa munthu, ndipo uyu yekha anali ndi dzina. Linali lake.

Firiji yoyamba inasiya kulira. Kenako yachiwiri. M'chipinda monse munati zii, ndipo kumbuyo kwa mayiyo, chapafupi kwambiri, mawu otsika anati, "Lowani."