Mphepo Yosowa Potulukira

Marjory anali chiimire ndi ndowa ya madzi pamene rediyeta inayambanso kubwadamuka. Nthunzi inafuka kumphuno kwa ndege, ndipo bambo ake, a Whyson, anazimitsa injini n'kutsika.

Ndegeyo anaipanga okha kuseri kwa nyumba yawo ku komboni ya Matero. Kampani imene ankagwirako ntchito ya umakaniko wa ndege itatsekedwa, monga ankatsekedwera makampani ambiri zaka zimenezo, a Whyson anasaka ntchito mpaka nsapato zinaperepeseka, kenako anangosiya. Anayamba kulumikiza mapaipi, malata ndi injini ya galimoto yakale, ndipo chinthucho chinakula mpaka kudzaza bwalo lonse. Popita kuchimbudzi munthu ankachita kuwerama kunsi kwa phiko.

Marjory ankadana nayo ndegeyo. Akaweruka kusukulu, anzake ankatsalira kusewera mpira wamanja, koma iye ankathamangira kunyumba kukaima padzuwa ndi ndowa, kudikira kuti madzi awirenso. Ana a m'njira ankakwera pampanda n'kumafunsa kuti ulendo wa ku London unyamuka liti.

"Mphepo ichepa," anatero a Whyson akuyang'ana chibowo chakutsogolo. "Nizakulitsa polowera."

"Ba Dadi, mwakulitsa kale kambiri."

"Iwe pita ukatunge madzi."

Loweruka amayi anamutuma kutauni kukapikula tomato. Pobwerera, minibasi inadzaza thothotho. Zenera la pafupi ndi Marjory linali lotsegula, basi ikuthamanga, koma mkati munali ngati mu uvuni. Mphepo inkangonyambita m'mphepete mwa zeneralo osalowa. Mayi wina kumbuyo anadandaula kuti mwana wake akubanika, ndipo kondakitala anamasula waya umene anamangira zenera lakumbuyo. Nthawi yomweyo mphepo inadutsa m'basi monse, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Marjory anatembenuka n'kuyang'anitsitsa zenera lija mpaka anatsala pang'ono kupitirira pa siteji yake.

Anapeza bambo ake atanyamula kale sizasi yodulira malata.

"Ba Dadi, musadule. Nifuna muone chinthu."

"Nili busy, Marjory."

Mtsikanayo sanasunthe. Anasolola ulusi m'mphepete mwa juzi lake, n'kuumangirira kutsogolo kwa rediyeta, ndipo anakaima patali. A Whyson anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako analiza injini. Pulopela inazungulira, fumbi linabuka, koma ulusi uja sunakamatire pa rediyeta. Unkangovinavina n'kumabwerera kunja.

Injini itazima, Marjory anafotokoza za mazenera a m'basi. Ankalankhula mwamantha, akuyembekezera kukalipiridwa. A Whyson anagona chagada n'kukwawira kunsi kwa ndege. Kuseri kwa rediyeta anali atatsekako bwinobwino ndi malata poopa fumbi la m'komboni, osasiya ngakhale kampata.

"Kutsogolo mphepo ikankha," anatero ali pansi pomwepo, mawu ali otsika. "Kumbuyo nako yadzaza, ikankha chimodzimodzi. Manje izapita bwanji? Bwera, gwira apa."

Anadula chibowo kunsi, kuseri kwa rediyeta, n'kupindira lata lakutsogolo kwa chibowocho pansi pang'ono. Anamuuza kuti mphepo yothamanga kunja ikamadutsa pamlomo umenewo idzakoka mpweya wotentha wa mkati. Atalizanso injini, ulusi unamatirira pa rediyeta ngati waikidwa guluu. Anadikira. Mkono wa Marjory unatopa ndi ndowa mpaka anaiika pansi. Madzi sanawire.

A Whyson anazimitsa injini n'kukhala pa tayala. Sanasangalale monga mmene mwana wawo ankaganizira. Anayang'ana mapiko, anayang'ananso kanjira kopanikizika ka pakati pa nyumba yawo ndi ya aneba.

"Siingachoke muno," anatero. "Nakhala nidziwa kuyambira kale."

Marjory anali asanawaonepo bambo ake akuoneka otopa chotero. Mkwiyo umene anausunga miyezi yonseyi unamuthera, ndipo anakhala nawo pansi.

"Nanga tikamasula mapiko?"

"Tingamasule. Ba Kasoma, amene tinali kusewenza nawo, ali na lole, ndipo m'bale wawo ali na munda waukulu ku Chongwe, kumene ndege ingathamange n'kuuluka." Anapukuta manja pa ovolosi. "Koma ninawapitikitsa pano. Anabwera kuti anithandize, ine ninaganiza kuti abwera kuniseka."

"Akhala kutali?"

"Ku komboni ya George."

Kenako a Whyson anaimirira, anasamba m'manja ndi madzi a m'ndowa, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atavala malaya oyera okwinyika, amene anakhalitsa m'sutikesi.

"Uniperekeze," anatero. "Nikayamba kukamba vinthu vosayenera, unigwire dzanja."

Marjory anavala nsapato zake, ndipo anawatsogolera.