Wotchi ya Mkuwa ya kwa a Boniface

Kunyumba kwa a Boniface ku Luwinga kunali mtendere ndi pemphero. Pa tebulo la pabalaza pankakhala wotchi yakale, yosiya agogo awo. Ikaliza kabelu kake, alendo ankadukiza nkhani n'kumvetsera.

Tsiku lina a Boniface anatsegula kachitseko ka kumbuyo kwa wotchiyo kuti mwana wawo Wiza aone. Mnyamatayo anagwira pakamwa. Timagudumu ta mkuwa tinkalumana mano, kena kakukankha kanzake, ndipo kanyundo konga mutu wa machesi kanadzuka kokha n'kumenya belu.

"Dzino lililonse analisema munthu ndi tupa," anatero bambowo. "Mmisiriyo anamwalira kalekale, koma manja ake akugwirabe ntchito m'nyumba muno. Usamaigwire. Sipuling'i ili m'katimo ndi yaukali."

Wiza atafika Fomu 3 anayamba kujomba kusukulu, n'kumatsatira Marvin, mnzake wokonda kachasu.

"Amene uja akuponya m'dzenje," anachenjeza mayi ake, koma iye anangoseka.

"Aise, ndiwe wolemera chomene," anatero Marvin tsiku lina atamva za wotchi ija. "M'mawotchi akale mumakhala mekyule, mankhwala a ndalama zambiri. Ogula ndikuwadziwa."

Lamlungu Wiza ananamizira mutu. Makolo atapita kutchalitchi, anaika wotchi ija m'thumba n'kukakumana ndi Marvin kuseri kwa shabini ku Salisbury Lines.

Marvin atakweza nyundo kuti aiphwanye, wotchiyo inayamba kulira pafumbi pomwepo, mawu ake oyera ngati madzi. Ngakhale zidakwa zinacheuka. Wiza anagwidwa nthumanzi.

"Marvin, tiibweze."

"Mantha!" anatero Marvin, ndipo nyundo inatsika.

Timagudumu tinamwazika. Sipuling'i inafwamphuka ngati njoka n'kumukwapula Wiza m'diso. Mekyule munalibemo. Marvin ataona magazi analiyatsa liwiro.

Anthu anamutengera Wiza kuchipatala. A Boniface atamva, anafika komweko atanyamula jumbo ya zidutswa zimene anakatola m'fumbi kuseri kwa shabini kuja.

"Adada, ndikhululukireni," analira Wiza.

"Ndakukhululukira, mwana wanga. Koma wotchiyi palibe angaikonze, ndipo diso lako madokotala alephera."

Wiza anabwerera kusukulu ndi kutchalitchi ali ndi diso limodzi.

Achinyamata, mverani makolo, ndipo muthawe bwenzi lokutumani kuba kwanu komwe. Chimene mmisiri anachipanga moleza mtima, dyera limachiphwanya kamodzi kokha. Mulungu amakhululukira wolapa, koma bala la tchimo mumayenda nalo moyo wonse.