Dothi Lakuda pa Bwalo la Gershom

Aphunzitsi a sukulu ya madzulo anapereka ntchito yoti aliyense ayese Sakani, makina atsopano ofufuzira pa intaneti, powafunsa mafunso amene akudziwa kale mayankho ake. Gershom wa ku Nakoli, mmodzi wa ophunzirawo, anayamba Lolemba dzuwa litangolowa, magetsi atathima, agalu a kuseri akuuwa mosalekeza.

Anafunsa pokwerera minibasi za ku Bwacha. Sakani anamulozera pamalo pamene tsopano amagulitsapo makala. Anafunsa nthawi ya Misa, anauzidwa ya tchalitchi cha ku Ndola, mzinda wina wakutali.

"Chinthu ichi n'chopusa," anatero, akulemba zolakwazo m'kope.

M'nyumba mwana wake Annet, wa zaka ziwiri, anali kulira. Kwa mwezi wathunthu sankadya, ankangogwira pamimba, ndipo mawu amene anali atayamba kutchula anawaiwala. Anansi ankanong'ona kuti wina wamuponyera matsenga. Gershom analemba mu Sakani pa foni yake kuti: mwana sakudya, mimba ikumuwawa. Kenako panabwera mzere umodzi: "Annet amadya dothi lakuda la pabwalo."

Dzina la mwanayo Gershom anali asanalilembepo.

Lachiwiri anayesanso. Mafunso asanu ndi awiri, mayankho asanu olakwa. Atafunsa za mvula, pansi pa yankho lolakwalo panali mawu ena: "Lero wadyanso, pafupi ndi mpopi." Mphepo inakwecha malata. Gershom anaunika bwalo ndi foni. Dothilo analibweretsa yekha pa wilibala kuchokera ku milu ya mgodi wakale, monga ankachitira ambiri, kuti matope asamavute. Pafupi ndi mpopi panali tizindikiro ta zala zing'onozing'ono.

"Bana Annet," ananong'oneza mkazi wake Felistus, mayi wa mwanayo, "munagwira foni yanga?"

"Ninagwirako Sande, inu muli ku bola. Ninalemba dzina la mwana pa intaneti, nanga nikanachita bwanji? Mwana akutha, inu muli bize na homuweki."

"Na za dothi?"

"Dothi liti, Bashi Annet?"

Gershom anakwiya, osadziwa womukwiyira. Akhulupirire bwanji chinthu chosadziwa ngakhale pokwerera basi? Koma Annet anabuulanso, ndipo m'mawa anamubereka yekha kumbuyo mpaka kukiliniki. Namwino anamutenga magazi pachala. Zotsatira zitabwera anapukusa mutu.

"Ledi yachuluka. Mtovu wa m'dothi la kumgodi. Mankhwala tiyamba, koma mukamubwezera pa dothi lomwelo mwataya nthawi."

Masiku awiri Gershom sanapite kusukulu. Anakumba bwalo lonse, manja kutuluka matuza, n'kuthira dothi lofiira. Loweruka madzulo Annet anadya masupuni anayi a phala, n'kugona osalira. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, akumwetulira yekha.

Kenako anatenga foni n'kulemba: unadziwa bwanji?

"Palibe zotsatira," anatero Sakani.

Analembanso katatu, akutukwana chapansipansi. Agalu anali atasiya kuuwa. Kunangomveka kupuma kwa mwanayo. Ali pafupi kuzimitsa foni, mzere unatuluka pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo.

"Mwakumba panja pokha. Simenti ya pansi pa bedi lake yang'ambika."

Gershom anagwada mumdimamo. Chipinda chimenecho anachimanga yekha asanakwatire, ndipo za dothi la kumgodi limene anathira pansi pa simenti sanauzepo munthu. Analowetsa dzanja kunsi kwa bedi. Zala zake zinakhudza mng'alu, ndi fumbi lozizira.

"Felistus," anatero motsitsa mawu, "nyamula mwana. Tigona kwa alongo ako ku Chililalila."