Womasulira wa Kuseri kwa Khoma

Chinthu choyamba chimene Loya anazindikira m'chipinda chake chatsopanocho n'chakuti iye akasiya kulankhula, mawu sankasiya nthawi yomweyo. Dzina loti Loya anam'patsa ndi anzake a kusaluni pomuseka, poti chaka chatha analephera mayeso olowera sukulu ya zamalamulo. Achimwene ake anali atanenetsa kuti akalepheranso ulendo uno maloto athere pomwepo, akakhale pakauntala m'shopu mwawo.

Chimene chinamugwetsa chinali funso lija amakupatsa mutu kuti uikire kumbuyo mbali imodzi. Mfundo anali nazo mtsikanayu, koma zinkatuluka zopiringizana ngati tsitsi losapesa. Ndiye anapeza njira yakeyake. Akaweruka ankaimirira pakati pa chipinda n'kumalankhula mfundozo mokweza m'Chingerezi, ngati ali kukhoti.

Apa m'pamene ankawamva. Kuseri kwa khoma, m'chipinda chokhoma ndi loko wadzimbiri, munkachokera mawu a bambo wachikulire, otsika, osasa, obwereza chiganizo chake chilichonse m'chinenero chathu. Iye akapuma, mawuwo ankamalizitsa kachidutswa kotsala, kenako zii, kumangomveka mpopi ukudontha panja mumdima.

Mantha anamugwira, tisaname. Anagona nyali ili chiyakire. M'mawa amayi eni nyumba, tsache lili m'manja, anamunong'oneza kuti m'chipinda chokhomacho munkakhala womasulira mawu wa kukhoti, munthu wopanda mkazi kapena mwana, amene anam'peza atauma pampando. Ena amati anafa ndi chisoni atamupumitsa ntchito, ena amati anamasulira molakwa, wosalakwa n'kukafera kundende.

"Samuka, mwanangu," anatero. "Amene analipo iwe usanabwere anathawa osatsanzika."

Kusamuka, mayeso ali pakhomo chonchi? Loya anangopukusa mutu. Walira mvula walira matope. Madzulo ake anaimiriranso n'kuyamba. Mawu aja anamutsatira. Koma atafika pa chiganizo china chachitali, chokhotakhota, anaima. Kunamveka kutsokomola kwaulemu, kuja amachita munthu wofuna kuti ubwereze. Loya anachidula pakati n'kuchinenanso, ndipo mawu anapitiriza.

Kuyambira tsiku limenelo mtsikana wamakaniyu anasandutsa mzukwa kukhala mphunzitsi. Chiganizo chikamukanika mkuluyo ndiye kuti n'chosokonekera, ndipo ankachikonza mpaka chidutse. Kusaluni ankamufunsa ngati wapeza chibwenzi chomugoneka mochedwa, poti maso anali atalowa m'kati, iye kumangoluka tsitsi. Chimene sanauze munthu n'chakuti mawuwo ankasendera. Poyamba anali kuseri kwa khoma, kenako m'khoma mwenimwenimo, ndipo usiku wotsiriza anawamva kumbuyo kwa khutu, limodzi ndi kampweya kozizira.

M'holo yolembera mayeso, woyang'anira anachenjeza kuti aliyense womveka akunong'ona atulutsidwa, ndipo asadzapondenso pamenepo. Loya atawerenga mutu, mtima unakhala m'malo. Koma anangolemba chiganizo choyamba, mawu aja n'kuyamba, osasa, omveka bwinobwino. Wa patsogolo pake anacheuka. Nsapato za woyang'anira zinayamba kubwera pang'onopang'ono, ko, ko, ko, mpaka zinaima pambali pake.

"Mayi," ananong'ona woyang'anirayo, "milomo yanu ikugwedera. Ndikamvanso, mutuluka."

Loya anagwira pakamwa. Inkagwederadi, ndipo mawu a nkhalambayo ankatulukira pakati pa zala zake.

Thukuta linatsika mumsana, misozi ili pafupi. Koma kutuluka ayi, si iyeyu. Analuma mlomo wam'munsi ndi mphamvu zake zonse n'kutola cholembera. Lilime linkamenya mano ngati mbalame m'khola, iye osatsegula. Anadzaza tsamba, n'kutembenuza, akumeza magazi ake omwe, ziganizo zikutsika zowongoka kuposa kale lonse.

Nthawi itatha anapereka pepala n'kutuluka panja, dzuwa lili phwee. Achimwene ake ankamudikira pageti, ndipo ataona mlomo wotupawo nkhope inagwa.

"Nanga iwe, zatani? Zayenda?"

Loya anamasula mlomo kuti awauze yekha, ndi pakamwa pake, kuti ulendo uno walemba zonse. Koma amene anayankha anali mkulu uja, ndi ulemu wake wonse.

"Akuti alemba zonse, bwana."