Kapu yachinayi ya Marita

Nkhaniyi sindinachite kumva kwa munthu ayi. Ndinalipo ine mwini, Mervis, ndipo a Mhango amene ankatiphunzitsa akadali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Pa esiteti yathu ya tiyi, kufupi ndi Bvumbwe, anayambitsa maphunziro a Loweruka ophunzitsa antchito kulawa tiyi. Wokhoza mayeso ankakwezedwa pantchito. Kulawako kumayenda chonchi: makapu oyera ali pamzere, umatunga ndi supuni, umakoka mwaphokoso kuti fyuuu, kenako umalavulira m'ndowa. Wotiposa tonse anali Blackson, mwamuna wa mnzanga Marita, amene ankasonkhezera nkhuni za bulugamu kuboyila ya kufakitale. Lilime anali nalo mnyamata uja. Koma kulavula, ng'o! Ankameza.

"Blackson, lavulani! Muno si m'tiyirumu," ankakalipa a Mhango.

"Pepani bwana. Mayi anga athyola tiyi zaka makumi atatu osalawako wabwino chonchi. Ndimutaye bwanji?"

Kutatsala miyezi iwiri kuti mayeso achitike, Blackson anadwala masiku anayi okha, basi n'kutisiya. Tinakamuika kwawo ku Khwethemule. Sabata isanathe Marita anauzidwa kuti pakapita miyezi itatu atuluke m'nyumba ya kampani, poti iye anali waganyu chabe wothyola masamba. Ana atatu, abale anga, akanalowera nawo kuti? Kwawo kwa Marita ku Kapichi kulibe ngakhale pomanga khola la nkhuku.

A Mhango anamva chisoni, anamupatsa malo a mwamuna wake m'kalasi. Akakhoza, ntchito yokhazikika ndi yake, nyumbanso ndi yake. Marita anayesetsa, ndikunena pano. Ankafika woyamba, kutuluka womaliza. Koma tikamabwerera kunyumba ankalira m'njira.

"Mervis, kwa ine yenseyu ndi tiyi basi. Sindikumva kusiyana."

Tsiku la mayeso kunagwa chiperoni. Anali masana ndithu, koma ukasuzumira pawindo mizere ya tiyi osaiona. Tinkalowa mmodzimmodzi. Ine nditamaliza, a Mhango anati nditsale pakona ndizitsuka makapu. Marita analowa komalizira. Funso linali limodzi: mwa makapu asanu ndi imodzi awa, tiyi amene anapserera poumitsa ali m'kapu iti?

Analawa onse. Anabwerezanso. Anayang'ana makapuwo, supuni ili m'manja. Kenako anaiika pansi, misozi mbwee. Mtima wanga unasweka, ndinadziwa kuti nyumba yapita.

Pomwepo makina a kufakitale anazima. Zii.

M'chipindamo munalowa fungo la utsi wa bulugamu. Mawindo onse anali otseka. Fungolo ndinalidziwa, ndi lija linkakhala m'malaya a Blackson.

Fyuuu.

Phokosolo linachokera pa kapu yachinayi. Panalibe munthu pamenepo. Supuni zonse zinali pathebulo.

Tonse atatu tinatchera khutu kundowa. Osamveka kanthu.

Kenako, gudyu.

Ndinasendera pang'ono kuti ndione. Tiyi wa m'kapu yachinayi anali atatsika, ndipo ankagwederabe.

A Mhango anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Sanasiyebe kumeza," ananong'ona. Kenako anatembenukira kwa Marita n'kunena kuti, "Mayi, lembani chimene mukudziwa."

Marita analemba kuti kapu yachinayi. Makina analiranso, fungo lija n'kutha.

Anakhoza. Pano amavala khoti loyera la olawa tiyi, ana akadali m'nyumba yomwe ija, ndipo lilime lake linatseguka moti amaphunzitsa ena. A Mhango sanalembe za tsikulo paliponse.

Tsiku limene satifiketi inabwera tinamuimbira nthungululu, iye ali phee, wangoigwira m'manja. Ndinamukokera pambali.

"Iwe Marita, sekerera pang'ono, anthu akudabwa."

"Mervis, munthu wachoka ku Khwethemule konse kuja kudzandilozera kapu. Anaima pambali pangapa. Analephera chiyani kunditchula ngakhale dzina lokha?"

Phokoso lija silinamvekenso. Koma m'mawa uliwonse Marita akafika pa kapu yachinayi amaima kaye, n'kumvetsera. Kukakhala zii, amatunga yekha. Tiyi ameneyo salavula.