Ndodo ya Mlamu Wake

Madzulo amenewo pa La Cruz panalibe chachilendo. Mphepo inali itagona. Maboti anali atamangidwa padoko. Amuna anali m'bwalo la Doña Eduviges, atakhalira makreti a mowa, akudikira kuyesedwa.

Inde, kuyesedwa. Kwa Doña Eduviges ndodo yowedzera nsomba za tuna sunkangoiloza ndi chala n'kunyamula. Mayiyu ankapanga ndodozo ndi manja ake, kumangirira mphete zodutsamo chingwe, kupaka vanishi, ndipo sankapereka ndodo kwa munthu asanamuone akukoka. Unkavala lamba wa m'chiuno n'kukoletsa ngowe zake ziwiri pa gudumu lokulungira chingwe. Nsonga ya chingwecho ankaimanga pa chitsulo cha pachipata. Ndiye iwe unkakoka, iye akukuzungulira, akuyang'ana msana wako ngati akufuna kugula bulu.

Kale chingwecho ankagwira ndi mwamuna wake, Nicanor. Ankathamanga nacho uku ndi uku ngati nsomba, mpaka woyesedwayo atapempha madzi akumwa. Koma Nicanor anapita kunyanja ulendo wina, boti n'kubwerako iye mulibe. Ntchito yake inatsalira chitsulo cha pachipata chija.

Boti la kaputeni Ausencio linali loti linyamuka m'mawa mwake. Unali ulendo wautali, wa kuseri kwa zilumba kumene mtunda suoneka, kumene kumakhala tuna zija asodzi amazitcha ng'ombe. Imodzi imalemera kuposa amuna awiri onenepa. Ikakoka, ndodo yolakwika imathyoka, apo ayi imakuthyola iweyo.

Wenceslao, amene aliyense ankamutcha Chelao, anali atasankha kale yake mumtima. Yakuda, yaifupi, yonenepa kutsinde, ulusi wake wofiira ngati tsabola. Anakhala akuizonda ngati mkazi wa mwini.

Anavala lamba. Anakoka. Ndodo inangogwedeza nsonga pang'ono. Mawondo a Chelao anayamba kuvina okha.

"Basi," anatero Doña Eduviges. "Vula."

"Mayi, sindinayambetu."

"Wamaliza. Ndodoyi ikupinda iweyo m'malo moti iwe uipinde. Yako ndi iyo." Analoza ina yaitali, yofewa, ya ulusi wachikasu.

"Imeneyo ndi ya ana asukulu!"

"Imeneyo imagwira ntchito m'malo mwa msana. Nsomba imatopa ndi ndodo, iwe n'kutsala ndi mphamvu zokwezera botolo."

Amuna aja anafa ndi phwete.

Kenako anaimirira Filemón, mlamu wake, amene anakwatira mlongo wake wa Chelao. Anavala lamba yemweyo, n'kukhalira kumbuyo ngati akukhala pampando. Ndodo yakuda ija inapindika mpaka kutsinde, bwinobwino, ngati ikumugwadira.

"Ndi yako," anatero mayi uja.

Filemón anamenya Chelao paphewa. "Alamu, musadandaule. Ndikagwira ng'ombe ndidzakubwerekani mchira mujambulitse nawo."

"Inu alamu, chachikulu chimene munagwirapo ndi mlongo wanga. Ndipo ngakhale pamenepo anakuwedzani ndi iyeyo."

Anthu anasekanso. Chelao naye anaseka, koma ndi mano okha.

Mumvetse. Filemón ameneyu anatsika kumapiri akugulitsa tchizi, osadziwa ngakhale kumanga mbedza. Anamuphunzitsa ndi Chelao. Ulendo woyamba anasanza mpaka kulira mayi ake, womugwira mutu ali Chelao. Lero chithunzi cha pakhoma la kumowa chinali cha Filemón. Kaputeni akafuna nzeru ankafunsa Filemón. Ngakhale mayi ake a Chelao, akaphika, nyama yaikulu inkagwera m'mbale ya Filemón. Ndipo tsopano ndodo yakuda.

"Zonse ziwiri ndizipaka vanishi womaliza," anatero Doña Eduviges. "Zigona zikuzungulira pa kamota kanga kamagetsi kuti ziume bwino. Mudzatenge kukacha. Ndipo usiku m'bwalo muno musapezeke munthu. Usiku ndodo zimayesedwa kachiwiri."

Mawu amenewo ankawanena nthawi zonse. Palibe amene ankawafunsa mutu wake.

Kunyumba, Otilia, mkazi wa Chelao, anamuikira nyemba ndi matotiya otentha, timikate tija ta chimanga. Chelao anangozitakasa.

"Mwadwala?"

"Ayi."

"Ndiye ndi alamu anu aja akuvutaninso? Filemón wachitanso chiyani?"

"Gona, mkazi."

Otilia atayamba kuliza mkonono, Chelao anatsegula kabokosi ka mbedza n'kutulutsa katupa kake konolera. Sanafune kuba. Chelao si wakuba, amenewo ndi mabodza a anthu. Anangofuna kukanda pang'ono m'kati mwa mphete ya kunsonga kwa ndodo yakuda. Kachilonda kosaoneka ndi maso. Nsomba zazing'ono sizingakadziwe. Koma tsiku limene ng'ombe idzakoke, chingwe chidzakhuzika pamenepo n'kuduka, phaa, anthu onse akuona. Basi. Palibe wofa.

Msewu unali zii. Anakwera mpanda wa Doña Eduviges chakuseri, n'kutsikira pamchenga.

Galu wa mayiyo sanauwe. Anali atabisala pansi pa tebulo, makutu atagona, maso ali kuchipata.

Pansi pa denga la malata kamota kankalira motsitsa. Ndodo yachikasu inkazungulira pang'onopang'ono, yokhayokha. Malo a yakuda anali opanda kanthu.

Anaipeza itatsamira tebulo. Gudumu lili pomwepo. Chingwe chitadutsa kale m'mphete zonse, chikulowera mumdima chakuchipata. Lamba ali pambali pake, atatambasulidwa bwino ngati zovala za mkwati.

Anaikhudza. Vanishi anali atauma gwa.

Apa munthu wanzeru akanakanda mphete ija n'kumapita. Ayi, munthu wanzeru sakanabwera n'komwe. Koma Chelao anaima, katupa kali m'manja, akuyang'ana ulusi wofiira uja. Masana anthu anamuchulukira, n'chifukwa chake mawondo ananjenjemera. Akanakhala yekha akanaipinda. Kamodzi kokha.

Anaika katupa m'thumba la malaya n'kumanga batani. Anavala lamba. Anakoletsa ngowe ya kumanja, kenako ya kumanzere. Anakhalira kumbuyo.

Ndodo inapindika mpaka kutsinde.

"Mwaona?" ananong'ona, mtima uli phaphapha ndi chimwemwe. "Mwaona, mayi inu? Ana asukulu ati?"

Chingwe chinasuntha.

Chinapita kumanzere, pang'onopang'ono. Chinaima. Chinabwerera kumanja.

Chitsulo sichiyenda.

Chelao anatong'ola maso. Chitsulo cha pachipata chinali chopanda kanthu. Chipata chinali chotsegula. Kunja kwake, panjira yotsikira kunyanja, panaima munthu. Wamtali, wa chipewa cha mlaza. Chingwe atachikulunga kudzanja lamanzere. Kumphepete kwa chipewacho kunkadontha madzi, tho, tho, tho, pomwe mvula inali isanagwe chiyambire Isitala.

"Alamu?" anatero Chelao. "Ndinu? Lekani zachibwana, alamu."

Kunabwera fungo la pansi pa doko madzi akaphwa.

"Pinda mawondo," anatero munthuyo. Mawu ake anali ngati a munthu wolankhula madzi ali m'kamwa. "Ndodoyo si yako. Koma poti wavala, koka."

Anatembenuka n'kuyamba kutsikira kunyanja.

Gudumu linalira. Chelao anagwa chafufumimba, n'kukwekwerezedwa pamchenga. Anagwira ngowe kuti azikolole. Msodzi aliyense amadziwa kuti ngowe zimenezo sizikoloka chingwe chikakungika. Mpeni anali atausiya kunyumba. Anakumbuka katupa. Katupa kangadule chingwe! Anapapasa thumba.

Batani linali lomanga. M'thumba munalibe kanthu.

Pachipata anatambasula miyendo, phazi ili pansanamira iyi, linalo pa inayo. Anaima pamenepo, atakhala pansi, ndodo ili pakati pa miyendo. Anaona munthu uja akulowa m'madzi. M'mawondo. M'chiuno. M'khosi. Chipewa sichinayandame. Chinamira naye.

Chingwe chinaloza pansi. Kenako chinayamba kuzungulira, mozama, mozungulira mwakemwake mwa ng'ombe ikakhala pansi pa boti.

Poyamba Chelao sanakuwe. Akakuwa, anthu abwera, ndiye awauza kuti akutani m'bwalo la mayi wamasiye pakati pa usiku? Pamene anaganiza kuti manyazi ndi abwino kuposa imfa, anatsegula pakamwa, koma munangotuluka mpweya.

Anakulunga chingwe. Chinabwera. Anakulunganso. Chinabweranso, mosavuta. Mtima unayamba kukhala m'malo. Ndiye anaona pamadzi, pafupi ndi mtunda, kanthu kozungulira kakutumphuka. Nsonga ya chipewa.

Analeka kukulunga.

Gudumu linaliranso. Mapazi anaterereka pansanamira. Msana unalira ngati chitseko chakale.

Apa ndi pamene anamvetsa. Akakulunga, chinthucho chinkayandikira. Akaleka, chinkamukokera kumadzi. Ndiye ankakulunga pang'ono, n'kuleka pang'ono. Anatchula oyera mtima onse amene ankawadziwa, atatha anayamba kutchula mayina a maboti. Analonjeza kandulo. Analonjeza kusiya mowa. Analonjeza kuti Filemón adzamutcha bwana. Pa lonjezo lomalizali anazengereza pang'ono, ndipo chingwe chinakoka mwamphamvu mpaka anavomera.

Kumbuyo kwake kamota kankangolira, ndodo yachikasu ikuzungulira mwamtendere.

Tambala atalira, chingwe chinagwa lende.

Anamupeza choncho amuna aja pobwera kudzatenga ndodo zawo. Atakhala pachipata, miyendo ili tang'a, maso ali gwa kunyanja, buluku litanyowa. Si madzi a m'nyanja okha ayi. Zala zinali zitauma pagudumu.

"Alamu!" anatero Filemón. "Mukutani ndi ndodo yanga?"



Doña Eduviges anatuluka ndi kapu ya khofi. Sanadabwe. Anaika kapu pansi, n'kukolola ngowe zija ndi zala ziwiri. Anatenga ndodo n'kuyamba kukulunga yekha. Chingwe chinabwera chikukwawa pamchenga, chonyowa, chitakola ndere. Kunsonga kwake kunali kanthu kakang'ono konyezimira.

Katupa.

Kanali katamangidwa ndi mfundo yooneka bwino, yopotera chakumanzere. Kaputeni Ausencio anawerama, anaiyang'ana, n'kuvula chipewa chake. Pa La Cruz ponse wamanzere womanga mfundo yotero anali mmodzi yekha.

Doña Eduviges anaisisita mfundoyo ndi chala kwa kanthawi. Kenako anatenga kathonje n'kukapisa m'mphete ya kunsonga, monga amachitira pofufuza chilonda. Kathonje kanadutsa osakodwa.

"Sanafike pokanda," anatero.

Filemón anayang'ana katupa. Anayang'ana mphete. Anayang'ana mlamu wake. Munthu wa nthabwala uja, tsiku limenelo nthabwala zinamuthera.

"Alamu," anatero motsitsa, "mukanangondipempha."

Mawu amenewo anamuwawa Chelao kuposa msana.

"Tenga ndodo yako, Filemón," anatero kaputeni. "Madzi akutisiya."

"Ine? Ndodo yokokedwa ndi akufa? Ayi, akulu. Mayi, ndipatseni yachikasuyo."

Doña Eduviges anazimitsa kamota n'kumupatsa. Yakuda anaigoneka pamiyendo pa Chelao.

"Unkaifuna," anatero. "Waigwirira ntchito. Pita nayo."

Boti linanyamuka Chelao ali pabedi, Otilia akumuthira mafuta pamsana uku akumunena mawu amene sangalembedwe. Msanawo sunawongokenso. Mpaka lero amayenda atapindika pang'ono, ndipo ana amati anatengera ndodo yake.

Anthu anayamba kunong'onezana. Ena amati Nicanor amabwera usiku uliwonse umene mkazi wake wamaliza ndodo, kudzaiyesa, n'chifukwa chake ndodo ya Doña Eduviges sinathyokepo panyanja. Ena amati mayiyo amamuyalira dala lamba ndi chingwe, monga mkazi amasiyira mwamuna chakudya patebulo. Ena amati chinali chinsomba chabe chimene chinakola chingwe. Amenewa ukawafunsa za mfundo ija amayamba kukamba za nyengo.

Boti litabwerako, pakhoma la kumowa panakhomedwa chithunzi chatsopano. Filemón ataima pambali pa ng'ombe yotalika kumuposa, m'manja muli ndodo ya ulusi wachikasu. Akuti nsombayo inatopa ndi ndodo, iye n'kutsala ndi mphamvu zokwezera botolo.

Chelao amakhala pansi pa chithunzicho, chifukwa ndi malo okhawo amene sangachione.

"Ndodo imeneyo inali yanga," amauza aliyense wobwera. "Anandisankhira ine. Funsani. Ndipo chimene ndinalimbana nacho ine chinali chachikulu kuposa chimenecho, kungoti palibe anachiika pasikelo."

Ndodo yakuda sanapite nayo kunyanja ndi kamodzi komwe. Kugulitsa amakana. Otilia anaikaniza kulowa m'nyumba, ndiye imakhala pakhonde, pamisomali iwiri. Usiku wina, mphepo ikagona, gudumu lake limalira lokha. Ke. Ke. Ke. Ngati wina akuyesa chingwe ndi chala, kuona ngati mwini wake wavala lamba.

Chelao amafunda bulangeti mpaka kumutu. Kenako amagwedeza mkazi wake ndi chigongono.

"Otilia. Unamufunsa mlongo wanga? Ya Filemón imaliranso usiku?"

"Akuti ayi. Gonani."

Ndipo mumdimamo, mano akugundana, Chelao amamwetulira.